Makina Owotcherera Akale: Yesani Musanalipire

MILANGE — Chibwerere cha mtendere mu 1992, njinga zonyamula chimanga kupita kumalire a Muloza zakhala zikupatsa ntchito amisiri owotcherera zitsulo. Koma makina atsopano ndi okwera mtengo, choncho mnyamata wofuna kuyamba ntchitoyi amagula akale, mwina mpaka kuwoloka malire kukawasaka ku Limbe, m'dziko la Malawi.

Apa ndi pamene ndalama za zokolola za chaka chonse zimatha kulowa m'madzi. Makina amene mawaya ake a m'kati anayamba kupsa amalira bwinobwino akayatsidwa, koma amafooka ntchito ikakula. N'chifukwa chake mmisiri wochenjera amanyamula ndodo zakezake za mamilimita 3.2, nawotcherera zitatu motsatizana pamaso pa wogulitsa. Fungo la kupsa likamveka, ndalama zisatuluke m'thumba.

Makina akale olemera aja, a mawaya a mkuwa, amakonzeka pokulunganso mawayawo, pamene opepuka amakono akawonongeka amafuna zipangizo zosowa kumudzi.

Pomaliza, ndalama zina zitsale zogulira chigoba chotchinga kumaso, pakuti kuwala kwa motowo kumawononga maso. Makina amagulidwanso, koma maso sapezeka pamsika.