Ntchito ilipo, koma kiyi wake ndi Chingerezi

Pepala lolengeza ntchito likangomatidwa pabolodi ya ofesi ya boma ku Balaka kapena pakhoma la sitolo ku Liwonde, sipatenga nthawi kuti anthu aunjikane. Masiku ano wina amangolijambula pafoni, ndipo dzuwa lisanalowe uthenga umakhala utafika ku Ntaja, ku Nsanama, ku Ulongwe ndi ku Phalula.

Koma pafupifupi pepala lililonse lotere limakhala m'Chingerezi, ndipo si Chingerezi cha moni ayi. Ndi cha m'maofesi, chokhala ndi mawu akeake omwe wophunzira wa Fomu 4 sakumana nawo kawirikawiri m'kalasi. Mawuwo si ambiri, koma ndiwo amayamba kusefa anthu wolemba ntchito asanaone nkhope ya aliyense.

Maboma awiriwa, omwe adali boma limodzi mpaka pomwe Balaka idaima payokha m'chaka cha 1998, aonako ntchito zikuluzikulu. Kuyambira 2012, kampani ya Vale ya ku Brazil idalipira ntchito yomanga njanji yatsopano yodzalumikiza ku Nkaya ndi kukonza yakale yodutsa ku Liwonde mpaka ku Nayuchi. M'chaka cha 2015 bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa nkhalango ya Liwonde. M'chaka cha 2022 kampani ya Lindian Resources ya ku Australia idachita mgwirizano wogula mgodi wa paphiri la Kangankunde ku Balaka, pomwe pali miyala yosowa yopangira maginito a galimoto zoyendera magetsi.

Ntchito zoterezi zimafuna madalaivala, alonda, owotcherera zitsulo, amisiri a magetsi ndi makalaliki. Ofuna malowo ndi ochuluka zedi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 735,000 ku Machinga ndi oposa 438,000 ku Balaka, ambiri mwa iwo achinyamata.

Chiyankhulo chachitatu

Mwana wa ku Machinga amene kwawo amayankhula Chiyao amaphunzira Chichewa pamsika ndi kusukulu, ndipo Chingerezi chimabwera ngati chiyankhulo chachitatu. Chikhalirecho, chachitatucho ndicho chili ndi kiyi.

Msonkhano waukulu wa chipani cha MCP wa 1968 udagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi zikhale ziyankhulo za boma, koma makalata a m'maofesi, malamulo ndi makontirakiti zidatsalira m'Chingerezi. Lamulo la maphunziro la 2013 nalo lidati Chingerezi ndicho chophunzitsira m'sukulu. Ndipo wophunzira akalephera Chingerezi pamayeso a Fomu 4, bungwe la MANEB silimupatsa satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi.

Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kusala munthu kaamba ka chiyankhulo, mtundu, chipembedzo kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Komabe lamulo silingamuwerengere munthu pepala la pabolodi. Kuwerengako ndi kwa mwini wake.

Mawu a pachilengezo

Mawu oyamba ndi "vacancy", kutanthauza malo a ntchito opanda munthu. Pansi pake pamakhala "qualifications", omwe ndi maphunziro ofunika, ndi "experience", yomwe ndi nthawi imene munthu wakhala akugwira ntchito yofanana nayo. "Tenable at" akunena komwe ntchitoyo ikagwiridwe, choncho mkazi wa ana aang'ono ku Utale aone kaye ngati malowo si ku Chitipa.

Ambiri amapunthwa pa mawu oti "credit". Pamayeso a MSCE, 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndiye "credit", 7 ndi 8 ndi kungokhoza, pomwe 9 ndi kulephera. Chilengezo chikati "credit in English", yemwe adapeza 7 angotaya ndalama ya fotokope ndi envulopu. Koma chikati "added advantage", chinthucho si chokakamiza. Ali nacho ali ndi mwayi woposa, koma alibe asagwe mphwayi, alembe ndithu.

"Certified copies" si fotokope wamba. Ndi makope a satifiketi odindidwa ndi munthu wololedwa kutsimikiza zikalata, monga majisitireti kapena loya, ataona kaye satifiketi yeniyeni. Satifiketi yeniyeniyo, yomwe amati "original", siitumizidwa ndi kalata. Imasungidwa pakhomo mpaka tsiku loonekera pamaso pa olemba ntchito.

"Referee" wa pachilengezo si woimbira mpira pabwalo la Balaka. Ndi munthu wodziwika amene angachitire umboni za khalidwe ndi kagwiridwe ka ntchito ka wofunsirayo, monga mphunzitsi wamkulu, bwana wakale kapena mtsogoleri wa mpingo kapena mzikiti. Akati "traceable referees" ndiye kuti akufuna anthu oti foni yawo ikaimbidwa ayankha. Amalume kapena alamu sawerengedwa, ndipo ndi ulemu kumupempha kaye munthuyo dzina lake lisanalembedwe. Apa mpomwe mwambi uja umapherezera: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Amene adachoka pantchito yakale atatukwana bwana amasowa womuchitira umboni.

Kumapeto kumakhala ziganizo ziwiri zofunika. "Only shortlisted candidates will be contacted" akutanthauza kuti ayankha okhawo omwe asankhidwa kuti akafunsidwe mafunso, ndiye palibe chifukwa chokwerera kabaza mlungu uliwonse kukafunsa kuofesi. "Canvassing will lead to disqualification" ndi chenjezo loti yemwe atumize wachibale kapena wandale kukamuyankhulira achotsedwa pamndandanda.

Palinso "walk-in interview", pomwe anthu salemba kalata koma amangofika ndi mapepala awo patsiku loikika. Njirayi imaoneka yophweka koma imakoka khamu. Mu June 2020 unduna wa zaumoyo udaigwiritsa ntchito pofuna alangizi a zaumoyo m'dziko muno, ndipo ku Mzuzu anthu oposa 100 adavulala pokanganirana kulowa pachipata. Zidaonetsa kuchuluka kwa anthu olimbirana malo amodzi, komanso chifukwa chomwe kalakwidwe kakang'ono papepala kamagwetsera munthu.

Fomu, kalata ndi CV

Pafomu, "surname" ndi dzina la bambo kapena la banja, ndipo lilembedwe monga momwe lilili pachiphaso cha unzika ndi pasatifiketi. Dzina likasiyana pamapepala awiriwa, olemba ntchito amakayika ngati ndi munthu mmodzi. "Maiden name" ndi dzina lomwe mayi ankadziwika nalo asanakwatiwe. "Marital status" akufunsa ngati munthu ali pabanja, pomwe "next of kin" ndi wachibale woti adziwitsidwe pakagwa ngozi. "Block letters" ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha.

CV ndi mbiri yachidule ya maphunziro ndi ntchito za munthu. Achinyamata ambiri amasiya malo a "experience" opanda kanthu poganiza kuti sadagwirepo ntchito. Komatu amene adasungako mabuku a banki m'khonde, adathandizako pasikelo ya ana, adalembako anthu pakalembera kapena adaphunzirako kuwotcherera pagalaja ali ndi cholemba. Chofunika ndi kunena zoona, kutchula malo ndi chaka.

M'matauni onse awiri muli malo otayipira makalata pakompyuta. Vuto limabwera pomwe wotayipa angosintha dzina pakalata ya munthu wina. Wolemba ntchito akalandira makalata khumi ofanana mawu ndi mawu, amadziwa kuti palibe mwini kalata pamenepo. Kalata yaifupi ya mawu osavuta, yomwe mwini wake angaifotokoze akafunsidwa, imaposa ya mawu akuluakulu obwereka.

Pamaso pa ofunsa mafunso

Tsiku la intaviyu munthu amakumana ndi "panel", gulu la anthu atatu kapena anayi okhala kuseri kwa tebulo. Funso loyamba kawirikawiri limakhala "Tell us about yourself". Apa sakufuna mbiri ya mudzi, mfumu ndi mbumba yonse. Akufuna dzina, maphunziro, ntchito zomwe munthu wagwirapo ndi chifukwa chomwe akuyenerera malowo.

Akafunsa za "strengths" sakunena mphamvu zonyamulira thumba la chimanga, koma zomwe munthu amachita bwino. "Weaknesses" si matenda, koma mbali yomwe akufunika kuphunzirabe. "Expected salary" ndi malipiro omwe akuyembekezera, ndipo kuyankha kuti alandira chilichonse kumaonetsa kuti sadafufuze za ntchitoyo.

Mwambo wa kumudzi umaphunzitsa mwana kuyang'ana pansi ndi kutsitsa mawu poyankhula ndi akuluakulu. M'chipinda cha intaviyu ulemu womwewo ungaoneke ngati mantha kapena kubisa kanthu. Ofunsa amafuna munthu wowayang'ana ndi woyankhula momveka. Funso likapanda kumveka, palibe cholakwa kunena kuti "Could you please repeat the question?" Kuyankha funso lomwe silidafunsidwe ndiko kumagwetsa.

Mawu okhudza ndalama

Ntchito ikapezeka, mawu ofunika kwambiri amakhala akubwera kumene, chifukwa awa ndiwo amakhudza poto wa pakhomo. "Gross salary" ndi malipiro asanadulidwe kanthu, pomwe "net salary" ndi ndalama yomwe munthu amapita nayo kunyumba atachotsa msonkho ndi penshoni. Banja likapanga bajeti pa "gross" limakhumudwa pakutha pa mwezi. Pa penshoni, wantchito amasonkha 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro ake ndipo bwana amaikapo 10 kwacha.

Mabungwe ambiri ogwira ntchito m'midzi amafuna "volunteer", munthu wongodzipereka. Chomwe amalandira amachitcha "stipend" kapena "allowance", kangachepe kothandizira mayendedwe ndi chakudya, osati malipiro. Ndi bwino kudziwiratu zimenezi kusiyana ndi kudzadandaula pambuyo.

"Probation" ndi nthawi yoyesedwa. Lamulo la ntchito la 2000 likuti kwa wantchito waluso nthawiyi isapitirire miyezi 12, ndipo mkati mwake mbali iliyonse ingathetse mgwirizano popanda chidziwitso. Lamulo lomwelo likuti bwana wa antchito asanu kapena kuposa apereke kwa wantchito kalata yofotokoza malipiro, maola ndi tchuthi pasanathe mwezi chiyambireni ntchito.

Mawu atatu onena za kutha kwa ntchito ndiwo amaliza mabanja ambiri. "Resignation" ndi kusiya ntchito mwakufuna kwa munthu. "Dismissal" ndi kuchotsedwa. "Retrenchment" ndi kuchepetsa antchito kaamba ka mavuto a kampani. Wochotsedwa pochepetsa antchito, kapena wochotsedwa popanda chifukwa chomveka, amayenera kulandira "severance allowance", yomwe pa zaka zisanu zoyamba imakhala malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse chomwe wamaliza. Wosiya yekha ndalamayi sailandira.

Choncho mlonda amene wagwira zaka zinayi, ngati asaina kalata yolembedwa ndi wina yokhala ndi mawu oti "I resign" osaimvetsa, wataya malipiro a milungu isanu ndi itatu ndi dzanja lake lomwe. Yemwe akuona kuti wachotsedwa mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokadandaula kuofesi ya zantchito ya m'boma lake, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita kukhoti la Industrial Relations.

Misampha

Atsizinamtole nawo adaphunzira Chingerezi cha m'maofesi. Amatumiza uthenga wooneka bwino wonena kuti munthu wasankhidwa, kenako n'kupempha "processing fee" kapena "medical fee" kudzera pafoni. Mawuwo ndi okoma, koma tanthauzo lake ndi limodzi: tumizani ndalama. Wolemba ntchito weniweni sagulitsa malo, ndipo wa m'boma wopempha kangachepe kapena chigololo kuti alembe munthu akuphwanya lamulo.

Ntchito za kunja zimafuna maso kuposa apa. Maboma awiriwa adazolowera kuperekeza ana awo ku Joni, koma tsopano maulendo akufika kutali. Mu November 2023 achinyamata 221 adanyamuka kukagwira ntchito m'minda ku Israel. M'chaka cha 2024 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi omwe adalonjezedwa ntchito zabwino ku Oman koma adakapezeka akuzunzika m'nyumba za eni, ena atalandidwa mapasipoti. Mawu ngati "agent", "deduction", "contract period" ndi "return ticket" amanena za mkhalapakati, ndalama zodulidwa, kutalika kwa mgwirizano ndi amene adzalipire ulendo wobwerera. Munthu asakwere ndege asanamve anayiwa.

Kuphunzira mawuwa sikulira fizi. Tsamba la ntchito la m'nyuzipepala, ngakhale yakale yokulungira matemba, ndi buku lokwanira. Mwana wa Fomu 3 atamawerenga chilengezo chimodzi pamlungu n'kulemba m'kope mawu achilendo ndi matanthauzo ake, pofika pomaliza sukulu sipakhala pepala la pabolodi lomudodometsa. Achinyamata awiri angathenso kumafunsana mafunso a intaviyu pakhonde mpaka lilime litamasuka.

Makolo omwe sadapite patali ndi sukulu ali ndi mbali yawo. Angathe kukana kuti mbuzi igulitsidwe pofuna kulipira ntchito yolonjezedwa pafoni. Angathenso kuumirira kuti mwana abwere ndi kontirakiti kunyumba, aphunzitsi kapena wa kuofesi ya zantchito aiwerenge ndi kuimasulira m'Chichewa kapena m'Chiyao, asanaikepo dzina. Akuluakulu adanena kale kuti safunsa adadya phula.