TIZILOMBO TOSAONEKA NDI MAINA AKE

Abale, mukatunga madzi m'nyanja, maso anu amaona madzi okhaokha. Koma m'madzimo muli tizilombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Woyamba kutiona anali Antonie van Leeuwenhoek wa ku Holland, m'chaka cha 1674. Iye anagwiritsa ntchito galasi lokuza zinthu, lija timati maikulosikopu.

Pakati pa tizilomboti pali gulu lina lotchedwa ciliate. Thupi lake ndi selo imodzi yokha, ndiye kuti kachigawo kochepetsetsa ka chamoyo. Lili ndi tiubweya timene timapalasa madzi monga nkhafi za bwato.

Mitundu ina ya gululi ilibe maina mpaka lero. Akatswiri a pa Ocean University of China, mumzinda wa Qingdao, apeza mitundu yambiri yatsopano m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kodi amadziwa bwanji kuti aka ndi katsopano?

Choyamba, amatunga madzi ndi mchenga pagombe. Chachiwiri, amakayang'ana kali kamoyo, kukayeza ndi kukajambula. Chachitatu, amakapaka mankhwala a siliva kuti mizere ya tiubweya ioneke, nawerenga mizereyo. Inunso mumatero: chambo mumachidziwa ndi mamba, kampango ndi ndevu. Chachinai, amayeza DNA, chinthu cha m'selo chimene chimasonyeza chibale.

Kakasiyana ndi tonse tolembedwa kale, amakapatsa maina awiri a Chilatini, potsata njira ya Carl Linnaeus wa ku Sweden. Dzina loyamba lili ngati chiwongo, lachiwiri ndi lakelake.

Mwina mukuti, "Kuvutikiranji ndi kanthu kosaoneka?" Tamverani. Tambiri ndi tothandiza, chifukwa timadya mabakiteriya. Koma tina ndi adani. Cryptocaryon irritans kamamatira pakhungu la nsomba za m'nyanja yamchere. Nsombazo zimachita timawanga toyera, ndipo zowetedwa zimafa zambiri. Popanda dzina, woweta nsomba sangamuuze katswiri chimene chamuvuta.

Kena kali nafe pafupi. Balantidium coli kamakhala m'matumbo a nkhumba. Ndowe za nkhumba zikalowa m'madzi akumwa, munthu angadwale kamwazi. Tsono khola la nkhumba mangani kutali ndi chitsime. Madzi okayikitsa yambani mwawiritsa.

MAFUNSO
1. Kodi tiubweya timagwira ntchito yanji?
2. Tchulani njira zinai zodziwira kachilombo katsopano.
3. Khola lanu lili kutali bwanji ndi chitsime?