Nzelu za mwana zimaoneka asanayambe sukulu

Makolo a mu Kafue, musamuyese mbuli mwana wakumudzi cifukwa cakuti sadziwa kugwila pensulo. Mu 1979, Robert Serpell wa pa University of Zambia anafalitsa zimene anapeza atayesa ana a Zambia ndi a England. Pojambula papepala, a England anapambana. Popinda waya, anapambana athu. Poumba, onse analingana. Mayeso a Panga Munthu, opangidwa muno, amauza mwana kuumba munthu ndi dongo.

Koma nzelu zimafuna cakudya. Mu 2018, ana 35 pa 100 osafika zaka zisanu muno anali opinimbila, ndipo otele kawili-kawili amavutika ku sukulu. Muzipita naye ku sikelo, muzimuthilila nsinjilo m'phala, muzimusimbila nthano. M'mela mpoyamba.