Mayi wa pa chithunzi cha kusikelo uja anapezeka bwanji?

Amayi anzanga, mukakhala pa benchi kudikira kuti mwana akwere sikelo, maso amathawira pakhoma. Pamenepo pamakhala zithunzi zimene tonse tinazizolowera: mayi akuyamwitsa uku akumwetulira, banja litagona m'neti, bambo ataperekeza mkazi wake kusikelo ya amayi apakati, kamtsikana kakulandira katemera pamkono. Timawerenga uthengawo n'kumapita. Ndi ochepa amene amadzifunsa kuti mayi wa pachithunziyo ndi wa kuti, anavomera bwanji, nanga anthu a m'mudzi mwake anamunena zotani chithunzicho chitatuluka.

Mafunso amenewa ndi amene amasowetsa tulo wojambula zithunzi. Ife a m'zipatala timakumana nawo kawirikawiri anthuwa, chifukwa bungwe likafuna zithunzi za uthenga wa zaumoyo limawatumiza kwa ife kuti tiwathandize kupeza anthu. Enanso amadzera kwa inu kumphakati kapena ku bungwe la amayi, podziwa kuti ndinu amene mumadziwa khomo lililonse. Ambiri timaganiza kuti ntchito yawo ndi kudina kabatani ka kamera basi. Kudinako n'kwa kanthawi kochepa. Chimene chimawadyera masiku, nthawi zina masabata, ndi kupeza munthu woyenera, amene wavomera ndi mtima wonse, amenenso afikedi pa tsiku limene anagwirizana.

M'mizinda ngati Lilongwe ndi Blantyre muli achinyamata amene kujambulidwa ndi ntchito yawo, amene amatchedwa mamodelo. Otsatsa sopo, zovala kapena mayunitsi a foni amalemba amenewa. Nakonso kuli madandaulo ake. Wojambula amalipiratu galimoto, malo ndi wodzoza anthu zophodaphoda, kenaka m'mawa wa tsikulo foni ya wojambulidwayo n'kukhala yothima. Ojambula ongoyamba kumene, amene alibe ndalama, amagwirizana ndi modelo kuti malipiro ake akhale zithunzi zomwezo, ndipo munthu amene sakuyembekeza ndalama savutika kusintha maganizo akapeza kwina kopita.

Koma chithunzi cha zaumoyo n'chovuta kuposa pamenepo, chifukwa zambiri sizitheka kunamizira. Mtsikana wokongola wa m'tauni akhoza kunyamula sopo. Sangayamwitse mwana amene si wake. Ndipo chithunzi chophunzitsa kuyamwitsa mwakathithi chimayenera kuonetsa zinthu zinayi zimene mzamba aliyense amayamba kuyang'ana: kamwa ya mwana yatseguka kwambiri, mlomo wa m'munsi wapindikira kunja, chibwano chakhudza bere, ndipo mbali yakuda ya bere ikuoneka kwambiri pamwamba pa kamwa kusiyana ndi pansi. Chimodzi chikalakwika, chithunzicho chiphunzitsa amayi zolakwika kwa zaka zonse zimene chidzakhale pakhoma. Ndiye wojambula akufuna mayi woyamwitsadi, mwana wosapitirira miyezi 6, wanjala koma osati wolira, mayi wosachita manyazi kuti bere lake lionekere dziko lonse, komanso mzamba woima pambali kuti anene ngati mwana wagwira bwino bere. Mwana wakhanda sadziwa kuti kwabwera alendo. Akafuna kugona amagona.

Chisamaliro cha kangaru ndiye n'chovutirapo. Njira imeneyi, yoika mwana wobadwa masiku asanakwane pachifuwa pa mayi khungu ndi khungu, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno kwathu inayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Kuti amayi ena aikhulupirire, amafunika kuiona pachithunzi. Koma mwana wotereyu amazizidwa msanga, ndipo sangavundukulidwe mobwerezabwereza kuti wojambula apeze mbali yabwino. Mayi ake nawo ali ndi nkhawa ngati mwanayo apulumuke. Wojambula wanzeru amadziwa kuti wapatsidwa mphindi zochepa chabe, ndipo ife tikati basi, ndi basi.

Tsiku limene anagwirizana

Tinene kuti munthu wapezeka ndipo wavomera. Wojambula wachokera kutali, wathira mafuta, wagona pa malo ogona alendo kuti alawirire. Amalawirira chifukwa kuwala kwabwino kwa chithunzi ndi kwa m'mamawa kapena kwa madzulo dzuwa likupendeka. Dzuwa la paliwombo limadetsa m'maso ndipo limachititsa munthu kutsinzina. Wafika pakhomo, akupeza chitseko chili chotseka. M'mudzi mwagwa maliro. Palibe wa ife amene angasiye maliro chifukwa cha kamera, ndipo n'zoyenera kutero. Tsiku lina ndi la msika, lina kwabwera fetereza wotsika mtengo ndipo aliyense ali pamzere, lina mtsinje wadzaza. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, m'mamawa umene wojambula akufunawo ndi umenenso khasu likufuna.

Zimenezi palibe wolakwa. Chimene chimawapweteka ojambula ndi china, chimene ife Amalawi timachidziwa bwino: kuvomera chifukwa cha ulemu. Mlendo wabwera ndi alangizi a zaumoyo, mwinanso ndi a nyakwawa, ndipo mayi akuona kuti kukana pamaso pawo ndi mwano. Amayankha kuti “chabwino, palibe vuto,” koma mumtima atakana kale. Tsikulo likafika amapita kumunda kwakutali. Wojambula amabwerera akudandaula kuti anthu a kuno sasunga pangano, chonsecho mayiyo sanapatsidwe mpata wabwino wokanira.

Kuchipatala vuto limeneli limakula. Mayi amene ali pa bedi, akapemphedwa ndi namwino yemwe akumupatsa mankhwala, amaopa kuti akakana chisamaliro chichepa. N'chifukwa chake ophunzira athu a unamwino timawauza kuti pempho lotere lizibwera ndi mawu omveka bwino akuti kukana sikusintha kanthu pa chithandizo, ndipo ngati n'kotheka wopemphayo asakhale amene akusamalira wodwalayo.

Palinso funso lakuti wovomera ndi ndani. Mwalamulo, mayi wamkulu amadzivomerera yekha. M'moyo weniweni, akavomera masana, madzulo bambo akunyumba amafunsa kuti anakuloleza ndani, apongozi nawo n'kuonjezera kuti mwana amene sanatuluke chikuta saonetsedwa kwa alendo. M'madera ena muli mantha akuti zithunzi zimakagulitsidwa kwa a zausataniki. Musaseke. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, anthu anaphedwa pongoganiziridwa, ndipo mabungwe ena anayamba achotsa antchito awo m'maderawo. Mlendo wonyamula chikwama cha zipangizo zachilendo amayenda ndi mbiri imeneyi kumsana kwake, ngakhale iye sakudziwa.

Kwa ana lamulo ndi lomveka. Kuyambira 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero atayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019, anayambira kwa atsikana a zaka 9. Wofuna chithunzi cha kamtsikana kotere ayenera kupeza kholo kapena womulera. Kuvomera kwa aphunzitsi pakokha sikukwanira, ndipo kamtsikanako nako kakakana, kasakakamizidwe.

Ndalama, ndi kumene chithunzi chimathera

Pa ndalama ndi pamene mitima imawawa mbali zonse. Mabungwe ena amakana kulipira, ati kulipira munthu wosauka kuti ajambulidwe kuli ngati kugula chilolezo chake. Ena amapereka kangachepe ka thiransipoti kapena sopo. Wojambula amakhala pakati: iye akulipidwa, dalaivala akulipidwa, wosindikiza adzalipidwa, koma mayi amene wasiya munda theka la tsiku akuuzidwa kuti akuthandiza dziko. Maganizo anga ndi akuti nthawi ya munthu ili ndi mtengo, ndipo kumubwezera tsiku limene wataya si chiphuphu, bola zinenedwe poyera asanajambulidwe. Chimene chimaononga ndi lonjezo la pakamwa. Mudzi umene unalonjezedwa mjigo kapena zithunzi zosindikiza n'kusaona kanthu sulandiranso wojambula wina, ngakhale wachilungamo.

Dandaulo limeneli ndi lakale ndipo si la kuno kokha. Mu 1936, wojambula wina wa ku America, Dorothea Lange, anajambula mayi wa zaka 32 ali ndi ana ake pa msasa wa aganyu ku Nipomo, ku California. Chithunzicho, chotchedwa Migrant Mother, chinatchuka dziko lonse ngati nkhope ya umphawi wa nthawi imeneyo. Dzina la mayiyo, Florence Owens Thompson, linadziwika poyera mu 1978, patatha zaka zoposa 40. Iye anadandaula kuti sanafunsidwe ngakhale dzina, ndipo sanapezepo kalikonse.

Koma mantha aakulu a amayi ambiri si ndalama. Ndi mawu amene adzalembedwe pansi pa nkhope yawo. Munavomera kujambulidwa mukuseka ndi mwana wanu, patatha chaka mukudziona pa chikwangwani cha mumsewu cholimbikitsa kumwa ma ARV mokhulupirika. Kukhala ndi kachilombo si tchimo ndipo si manyazi, ife timalalikira zimenezi tsiku ndi tsiku. Komabe kuulula kapena kusaulula ndi ufulu wa mwini wake, ndipo kumudzi chikwangwani sachiwerenga ngati sewero. Amati wajambulidwayo ndiye mwini nkhani.

Zinachitikapo ku New York mu 2013. Mayi wina anajambulidwa pa nkhani ina ya m'magazini, chithunzicho chinagulitsidwa kwa kampani yogulitsa zithunzi iye osasainira, kenaka ofesi ina ya boma inachigwiritsa ntchito m'nyuzipepala pa uthenga wa ufulu wa anthu amene ali ndi HIV, ngati kuti mawuwo akunena ndi iyeyo. Iye analibe kachilomboko. Anakasuma, ndipo mu 2018 khoti linalamula kuti apatsidwe madola 125,000. Mayi wa kwathu kuno alibe loya wotero, n'chifukwa chake chitetezo chake chenicheni chili pa zimene wagwirizana kamera isanatuluke m'chikwama.

Malamulo tili nawo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za HIV ya munthu wina popanda chilolezo chake, kupatula m'njira zochepa zimene lamulolo linatchula. Mu 2024 kunabweranso lamulo la Data Protection Act, limene limaika malire pa mmene ena angasungire ndi kugwiritsira ntchito uthenga wonena za inu, ndipo bungwe la MACRA ndi limene limaliyang'anira. Pa chifukwa chimenechi, bungwe lolongosoka sililandira chithunzi popanda fomu ya chilolezo yosainidwa. Fomu imeneyi nayo ndi mutu wina kwa wojambula. Nthawi zambiri imabwera m'Chingerezi cha maloya, ndipo mayi akauzidwa kuti adinde chala papepala limene sakulimva, amakumbukira nkhani za anthu amene analandidwa malo podinda chala. Akakana, sindimuimba mlandu.

Ojambula oona amalipiranso machimo a anamandwa a pa Facebook ndi WhatsApp, amene amalembera atsikana kuti ndiwe wokongola, ukhoza kukhala modelo, tumiza zithunzi utavala zochepa kapena ubwere wekha kumalo ogona alendo. Ena amayamba apempha ndalama yolembetsera. Zithunzi zikapita, zimasanduka chingwe chomuopsezera mtsikanayo. Mwana wanu akakuonetsani uthenga wotere musamukalipire, chifukwa mawa sadzakuonetsaninso. Wojambula weniweni sakana kuti mayi kapena azakhali aperekeze, ndipotu ambiri amakondwa, chifukwa mboni imawatetezanso iwo.

Ndiye wojambula akadzafika pa msonkhano wa bungwe lanu kudzapempha thandizo, musamuthamangitse ndipo musamupatse mayina tsiku lomwelo. Mufunseni wamutuma ndani, ndipo aonetse kalata. Mufunseni mawu enieni amene adzalembedwe pa chithunzicho, kumene chidzaikidwe, kaya ndi pakhoma la chipatala, pa chikwangwani cha mumsewu kapena pa intaneti, komanso kwa zaka zingati, ndiponso ngati chingaperekedwe kwa bungwe lina. Fomu iwerengedwe mokweza m'chinenero chimene mayiyo amamva, ndipo pepala limodzi litsale kwa iye, lili ndi nambala ya foni ya munthu amene angamuimbire. Ngati nkhani ndi yovuta, monga ya HIV, nkhanza za m'banja kapena matenda a fistula, funsani ngati n'kotheka kujambula manja, msana kapena chithunzithunzi chokha nkhope osaoneka. Ojambula aluso amatha kutero, ndipo nthawi zina chithunzi chotero chimalankhula kwambiri.

Kenaka mupatseni mayiyo usiku umodzi kapena awiri kuti aganize ndi kukambirana ndi a kunyumba, mlendo atachoka. Mumuuze mosabisa kuti chithunzi cha pa intaneti mwina chikhoza kuchotsedwa pa tsamba la bungwelo, koma mapepala akasindikizidwa n'kugawidwa m'zipatala za maboma onse 28, palibe amene angakawamatule. Amene avomere zitatero ndi amene adzapezeke pakhomo m'mawa wa tsikulo atasamba kale. Ndipo wina akasintha maganizo, kapena kukagwa maliro, mmodzi wa inu adziwitse wojambulayo usiku womwewo asanathire mafuta. Ngati mulibe mayunitsi, ingoflashani, iye adzaimba.