Khofi wa Lachisanu M'mawa: Mmene Gulu la CreativeMornings Linakulira

Mu 2008, Tina Roth Eisenberg, mayi wochokera ku Switzerland amene ankagwira ntchito ya dizaini ku Brooklyn mumzinda wa New York, anaona vuto lomwe anzake ambiri anali atalizolowera. Misonkhano ikuluikulu ya madizaina, anthu okonza ma logo, zikwangwani, zikuto za mabuku ndi maonekedwe a mawebusaiti, inkachitika kamodzi pachaka, ndipo matikiti ake anali odula zedi. Wophunzira kapena munthu wongoyamba kumene ntchito ankangomva za misonkhanoyi kwa amene anapitako.

Iye anayambitsa kanthu kakang'ono. Lachisanu limodzi pamwezi, m'mawa, anthu ankasonkhana, kumwa khofi, kudya kadzutsa, kumvetsera munthu mmodzi akulankhula kwa mphindi pafupifupi 20, kenako aliyense n'kuthamangira kuntchito kwake. Pakhomo panalibe cholipira. Msonkhanowo anautcha CreativeMornings, ndipo sanaufune wa madizaina okhaokha: wolemba, wojambula zithunzi, mphunzitsi ngakhale wowerengera ndalama, onse anali olandiridwa.

Mu 2010 mzinda wa Zürich unatsegula nthambi yake, Los Angeles n'kutsatira. Patapita zaka, nthambi zinaposa 200 padziko lonse, ndipo mu Africa muno zinafika m'mizinda monga Cape Town ndi Johannesburg. Ku likulu ku New York kuli antchito olipidwa ochepa chabe. Ntchito yonse ya m'mizinda ili m'manja mwa anthu ongodzipereka.

Nthambi imayamba ndi munthu mmodzi wa mumzindamo amene wapempha kukhala mtsogoleri. Alikulu akamuvomereza, amafuna anzake omuthandiza: wojambula zithunzi, wojambula vidiyo, wolandira alendo pakhomo, wina woyenda m'makampani kupempha khofi ndi buledi, wina wofunafuna holo yaulere. Aliyense amene anakhalapo mu komiti ya ukwati akuidziwa bwino ntchito yotere: palibe amalandira malipiro, koma tsikulo likafika mipando iyenera kukhala itayalidwa ndipo chakudya chitapsa. Chomwe alikulu amapereka ndi dzina, webusaiti yolembetserapo ndi malamulo ochepa, lalikulu n'lakuti msonkhano ukhale waulere. Wolankhula, malo ndi chilankhulo amasankha okha eni mzinda.

Kuyambira mu 2013 nthambi zonse zimakhala ndi mutu umodzi wokambirana mwezi uliwonse. Mutuwo umasankhidwa ndi nthambi imodzi, ndipo wojambula wa mumzinda womwewo ndiye amaujambulira chithunzi chomwe dziko lonse ligwiritse ntchito mwezi umenewo. Nzeru imeneyi ndimaikonda, chifukwa imachititsa kuti nthambi yaing'ono isadzione ngati yongolandira zochokera ku New York. Ikafika nthawi yake, ndiyo imatsogolera.

Tiyeni tiime pakhomo pang'ono, poti m'pamene mlendo amadziwira ngati alidi wolandiridwa. Munthu akalowa amapatsidwa kapepala komata pachifuwa. Pakapepalapo amalemba dzina lake, koma m'munsi mwake nthawi zambiri mumakhala funso losavuta loti ayankhe m'mawu awiri kapena atatu. Sipalembedwa udindo kapena kampani. Mtsikana wamanyazi amene wabwera yekha, ataima pamzere wa khofi kapu ili m'manja, amawerenga yankho la amene ali patsogolo pake, ndipo macheza amayambira pamenepo popanda kufunsana kuti mumagwira kuti. M'nthambi zambiri mulinso mwambo wopatsa anthu angapo masekondi 30 kuti aime kutsogolo n'kunena zomwe akufuna: wina akusaka ntchito, wina akufuna womuthandiza pa pulojekiti, wina ali ndi chionetsero sabata yamawa. Motero maikolofoni sakhala a mlendo wolemekezeka yekha.

Komabe kuchotsa mtengo pakhomo sikutanthauza kuti aliyense alowa. Msonkhano wa m'mawa tsiku la ntchito ndi wabwino kwa munthu wodzilemba yekha ntchito kapena amene bwana wake ndi womvetsa. Wogwira ntchito pamalo osindikizira mabuku amene amasaina m'kaundula nthawi yolowera, kapena mayi woperekeza ana kusukulu, sangafike. Malo amalembetsedwa pa intaneti, ndipo m'mizinda ikuluikulu amatha msanga, choncho amapita kwa amene ali pa kompyuta nthawi imeneyo. Holo yokongola ya pansanjika yopanda chikepe yamuuza kale woyenda panjinga ya olumala kuti akhale kunyumba. Wosamva akapeza kuti palibe womasulira m'chilankhulo chamanja sabweranso.

Vuto lobisika kwambiri lili pa kusankha olankhula. Munthu wodzipereka ali ndi nthawi yochepa, ndiye akamafuna wolankhula amaimbira amene nambala yake ali nayo kale. Pakutha chaka mumapeza kuti onse amene anaima kutsogolo anaphunzira sukulu imodzi, amakhala mbali imodzi ya tauni, amalankhula Chingerezi chofanana. Palibe anafuna kusala mnzake, koma wojambula zikwangwani za mashopu kapena telala wopanga masitayilo ake akayang'ana zithunzi za gululo amaona kuti mulibe wofanana naye. Mankhwala ake si ovuta kuwamvetsa, kungoti ndi otopetsa: kulemba mndandanda wa amene analankhulapo n'kuona amene akusowa, kupempha mayina kwa anthu akunja kwa komiti, kusinthasintha malo a msonkhano, ndi kukamuitana munthu pamaso, chifukwa amene sanazolowere malo otere sabwera ndi chilengezo chokha.

Ndiye pali kutopa. Msonkhano waulere uli ndi woulipira, ndipo amalipira ndi nthawi yake. Mwezi uliwonse ntchito imayambiranso: wolankhula watsopano, holo ina, wopereka chakudya wina, vidiyo yoti ikonzedwe usiku munthu ataweruka. Chaka choyamba chimayenda ndi chimwemwe. Pambuyo pake ena amakwatira, ena amasamuka, ndipo zonse zimatsalira munthu mmodzi amene ali ndi manambala onse m'foni mwake. Iyeyo akadwala, nthambi imagona. Magulu amene amakhalitsa ndi omwe amagawa ntchito m'zidutswa zing'onozing'ono zoti munthu angaigwire ola limodzi n'kumaliza, amalemba kachitidwe ka zinthu kuti wina adzawerenge, ndipo mtsogoleri amayamba kuphunzitsa womulowa m'malo mphamvu akadali nazo.

Likulu nalonso likhoza kugwa. Mwachitsanzo, bungwe lina lotchedwa IxDA, la madizaina okonza mmene anthu amagwiritsira ntchito mapulogalamu ndi zipangizo, linayamba mu 2003 ngati zokambirana za pa imelo, n'kukula mpaka kukhala ndi magulu m'mizinda yambiri komanso msonkhano wapachaka umene unayambira ku Savannah mu 2008. Nalonso linkadalira anthu odzipereka. Mu 2024 atsogoleri ake analengeza kuti akutseka bungwe lapadziko lonse chifukwa cha mavuto a zachuma, ndipo magulu a m'mizinda anatsala kuti adzionere okha ngati apitiriza kukumana.