Knock sensor: yezani kaye musanagule ina

Galimoto ya petulo ikanyamuka pa Thabwa itasenza katundu, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, injini imaona zakuda pokwera mapiri opita ku Blantyre. Kutentha ndi kulemera kumachititsa petulo kuphulika mosalongosoka m'masilinda, n'kumamveka ngati timiyala m'chitini. Knock sensor ndi kachipangizo komangidwa ndi bawuti pa buloko ya injini, kamene kamasandutsa kunjenjemerako kukhala magetsi. Kompyuta ya galimoto ikalandira uthengawo imachedwetsa moto wa mapulagi, mapisitoni n'kupulumuka. N'chifukwa chake kachipangizoka si konyozera ku Chikwawa ndi ku Nsanje.

Ena amati ngakhale kafe, galimoto imayendabe. N'zoona, koma magalimoto ambiri amadziteteza pochedwetseratu motowo: mphamvu imachepa, petulo amatha msanga. Komabe nyali ya injini ikayaka, makina oyezera n'kuonetsa P0325, musathamangire kugula. Nambalayi imaloza njira yonse ya magetsi, ndipo nthawi zina vuto ndi waya wodyedwa ndi makoswe kapena pulagi ya wayayo yochita dzimbiri galimoto itawoloka madzi osefukira. Kachipangizoka sikasinthidwa potengera makilomita. Makaniko ayambe wayeza mawaya. Akapezeka abwino koma uthenga osafika, kapena sensayo itang'aluka, pamenepo musinthe, ndipo bawuti imangidwe pamlingo umene opanga galimotoyo analemba.