Mayi Mary Waya ndi utsogoleri wa amayi pa masewera: mafunso ndi mayankho

M'dera la Mfumu Dambe ku Mchinji, monga m'madera ena ambiri m'dziko muno, atsikana osewera mpira wa ntchemberembaye sasowa. Chimene chimasowa ndi anthu oyendetsa masewerawo mwadongosolo. Mbiri ya Mayi Mary Waya imatithandiza kumvetsa nkhani imeneyi.

Kodi Mary Waya ndi ndani?

Mayi Waya adabadwa mu 1968, ndipo adalowa m'timu ya dziko lino akadali mtsikana wamng'ono. Adasewerera Malawi Queens masewero oposa 200, makamaka pa malo a GA, amene ndi amodzi mwa malo awiri okha ololedwa kuponya mpira m'golo. Kuno kumudzi ambiri amawakumbukira ali mu timu ya MTL Queens ya ku Blantyre. Adalipo pa mpikisano wa dziko lonse ku Birmingham mu 1995, pamene Malawi idathera pa nambala 8. Adaseweranso pa masewera a Commonwealth ku Melbourne mu 2006 ndi ku Delhi mu 2010, komwe ndiwo adanyamula mbendera ya dziko lino pa mwambo wotsegulira.

N'chifukwa chiyani chaka cha 2007 chimatchulidwa kwambiri?

Chaka chimenecho, pa mpikisano wa dziko lonse ku Auckland m'dziko la New Zealand, ma Queens adagonjetsa South Africa n'kukhala pa nambala 5 pa dziko lonse. Patsogolo pawo padali Australia, New Zealand, Jamaica ndi England basi. Maikowa ali ndi mabwalo a m'nyumba, madokotala a timu ndi ndalama zokonzekera. Athu adakulira pa mabwalo a fumbi ndi a simenti. Kaseweredwe kawo kadali kakekake: kupatsirana mpira pafupipafupi, kuusunga modekha, kumutopetsa mdani mpaka mpata utapezeka. Mayi Waya, omwe pa nthawiyo adali ndi zaka pafupifupi 40, ndiwo adali mutu wa kaseweredwe kameneka.

Nanga wosewera mpira akulowa bwanji pa nkhani ya utsogoleri?

Chifukwa atavula yunifomu sadapite kukakhala pakhonde. Adakhala kochi wa timu ya dziko la Tanzania, adaphunzitsa ma Queens, ndipo pambuyo pake adakaphunzitsanso timu ya dziko la Namibia. Adayambitsanso ntchito yosula atsikana ang'onoang'ono pa mpirawu, n'kumawalimbikitsa kuti asasiye sukulu.

Kochi wa timu ya dziko sagwira wezulo yokha. Amasankha osewera, amakonza ndondomeko ya kampu, amakambirana ndi akuluakulu a bungwe za ndalama, ndipo timu ikagonja ndiye amayankha mafunso a atolankhani. Amene adagonapo pa kampu ndalama ya alawansi isanabwere amadziwa kuwawa kwake, ndipo akakhala pa mpando sayiwala msanga. N'chifukwa chake mabungwe a masewera amafunika anthu amene adatulukapo thukuta pabwalo.

Kodi mpirawu amauyendetsa ndani m'Malawi muno?

Bungwe lake ndi Netball Association of Malawi, mwachidule NAM, ndipo limagwira ntchito pansi pa khonsolo ya masewera, Malawi National Council of Sports. Pa mpando wa pulezidenti wa NAM pakhala amayi monga Rosy Chinunda, Khungekile Matiya, Abigail Shariff ndi Vitumbiko Gubuduza. Ntchito ya bungweli ndi kukonza ligi ndi zikho, kuphunzitsa makochi ndi oyimbira, kusaka makampani othandiza, ndi kutumiza timu kunja.

Ntchito imeneyi sioneka pa kanema, koma zipatso zake timaziona. Mwai Kumwenda adasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015. Mu 2018, pa masewera a Commonwealth ku Gold Coast, ma Queens adagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53. Komabe mu 2023, pa mpikisano wa dziko lonse ku Cape Town, tidatsikira pa nambala 7, Uganda n'kutenga nambala 5. Luso silidathe m'dziko muno. Anzathu adangolimbika pa kukonzekera, ndipo kukonzekera ndi nkhani ya utsogoleri ndi ndalama.

Kodi mayi wa mu Africa angafike pati pa utsogoleri wa masewera?

Angafike pamwamba penipeni. Lydia Nsekera wa ku Burundi adatsogolera bungwe la mpira wa miyendo m'dziko lake kuyambira mu 2004, ndipo mu 2013 adakhala mayi woyamba kusankhidwa mwa voti kulowa m'komiti yaikulu ya FIFA. Fatma Samoura wa ku Senegal adali mlembi wamkulu wa FIFA kuyambira 2016 mpaka 2023. Pa 20 March 2025, Kirsty Coventry wa ku Zimbabwe, katswiri wosambira amene adapambana mamendulo 7 pa masewera a Olympic, adasankhidwa kukhala pulezidenti wa International Olympic Committee. Adapeza mavoti 49 mwa 97, ndipo ndi mayi woyamba komanso munthu woyamba wa mu Africa kukhala pa mpandowo. Asadafike pamenepo adagwira ntchito zaka zambiri m'komiti yoyimira osewera, kenaka adakhala nduna ya zamasewera kwawo. Palibe mwa amayiwa amene adagwera pa mpando kuchokera kumwamba.

Nanga izi zikumukhudza bwanji mtsikana wa kwa Dambe?

Tiyeni tione timu ya pamudzi ikamakonzekera bonanza. Mizere ya bwalo amaithira phulusa, mitengo ya magolo ndi ya bulugama, mkombero wake adawotcheretsa pa tiledingi senta. Mpira ulipo umodzi, womatamata. Kuti timu ifike kumene kuli masewero, wina ayenera kulemba maina, kutolera ndalama ya mayendedwe, kupempha chilolezo kwa makolo ndi kwa aphunzitsi aakulu, ndi kuonetsetsa kuti atsikana abwerera kwawo kusanade. Akapambana, wina ayenera kusunga mphothoyo n'kufotokoza pagulu momwe yagwirira ntchito. Amene amachita zonsezi ndi mtsogoleri wa masewera kale, ngakhale alibe ofesi.

Vuto ndi lakuti nthawi zambiri atsikana amasewera, amayi amaimba ndi kululutira m'mbali mwa bwalo, koma pa mpando wa wapampando ndi wa mlembi pamakhala abambo. Mayi akapatsidwa udindo, kawirikawiri umakhala wa msungichuma, wosunga ndalama zimene ena ndiwo amalamula kagwiritsidwe kake.

Tichitenji tsono?

M'mera mpoyamba. Aphunzitsi a zamasewera azipatsa atsikana ntchito yolemba zigoli, yoyimbira ndi yosunga kaundula wa timu, osati kuponya kokha. Mtsikana aphunzire malamulo: osewera 7 mbali iliyonse, zigawo 4 za mphindi 15, mpira osaugwira kupitirira masekondi 3. Wodziwa malamulo salandidwa chigoli mwachinyengo, ndipo mawa ndiye adzakhale woyimbira kapena kochi. Mafumu ndi makomiti a sukulu, posankha komiti ya masewera, aike amayi pa maudindo olamula. Makolo nawo asamuchotse mwana pabwalo poganiza kuti mpira umalowetsa uhule. Chofunika ndi mtsogoleri wamkazi wodalirika woyenda ndi anawo.

Amayi amene adasewerapo ali ambiri m'midzi ya ku Mchinji. Ena akulima mtedza ndi soya, ena akugulitsa pamsika. Aitanidwe, apatsidwe timu, ndipo komiti ya boma ikamachita chisankho apikisane nawo. Dziko lino lidzapeza atsogoleri a NAM a mawa pokhapokha ngati amayi otere ayamba kuyendetsa matimu a kwawo lero.